Anthu amene amamanga dziko lapansi m'kompyuta

Dzenje lakuya kwambiri limene anthu anaboolapo lili ku Kola, kumpoto kwa Russia. Anayamba kuliboola mu 1970, ndipo pofika mu 1989 linali litafika mamita 12,262. Kumva chonchi munthu angaganize kuti anafika patali, koma kuchokera pamene tapondapa kukafika pakati penipeni pa dziko pali makilomita 6,371. Chitsulo cha ku Kola chija chinangokanda pakhungu. Zonse zochitika kunsi kwake, kumene kumachokera zivomezi, chiphalaphala cha mapiri ophulika ndi mphamvu imene imang'amba makontinenti, palibe anazionapo ndi maso.

Kuya si vuto lokhalo, palinso nthawi. Pansi pa chikhungwa cha dziko pali gawo lotchedwa mantle, lotsika mpaka makilomita pafupifupi 2,900. Ndi mwala wolimba, osati madzi, komabe chifukwa cha kutentha umayenda: wotentha umakwera, wozizira umamira, masentimita ochepa chabe pa chaka. Kuti uone ulendo umodzi wathunthu uyenera kudikira zaka mamiliyoni ambirimbiri. Katswiri wa mankhwala akhoza kusakaniza zinthu mu labu lero, mawa n'kuona zotsatira. Wofufuza za m'kati mwa dziko alibe mwayi woterowo.

N'chifukwa chake m'zaka 50 zapitazi kwabuka akatswiri a sayansi ya miyala ndi nthaka amene chida chawo chachikulu si nyundo yoswera miyala, koma pulogalamu ya kompyuta. Amatenga malamulo a fizikisi, n'kuwalemba m'chinenero chimene kompyuta imamva, kenako kompyutayo imawerengera mmene dziko loyerekezera lingakhalire pakapita zaka mamiliyoni 100. Ambiri mwa iwo amagwiritsa ntchito mapulogalamu amene ena analemba kale. Koma alipo ochepa amene amasenza mitolo iwiri: amafunsa mafunso a sayansi, iwo omwewo n'kumalembanso ndi kusamalira mapulogalamu oyankhira mafunsowo. Ine ndimaona kuti anthu amenewa ndiwo msana wa sayansi imeneyi, ngakhale kuti kwa nthawi yaitali mayunivesite ankawaona ngati ongothandizira.

Kuti timvetse chifukwa chake ntchito ziwirizi zimavuta kuzilekanitsa, tiyambe taona zimene pulogalamu yotere imachita. Malamulo ake oyambira ndi ochepa ndipo ndi akale. Chinthu sichimangosowa kapena kungobadwa popanda kochokera. Mphamvu zokankha ndi zokaniza ziyenera kulingana. Kutentha kumachoka pamalo otentha kupita pamalo ozizira, komanso kumanyamulidwa ndi chinthu chimene chikuyenda. Masamu ofotokoza kayendedwe ka zinthu zokhathamira analembedwa ndi George Stokes cha m'ma 1840. Kuwalemba pa bolodi n'kosavuta, mizere itatu yakwana. Kupeza yankho lake pa dziko lenileni, lokhala ndi miyala yosiyanasiyana komanso malire okhotakhota, n'kosatheka ndi pensulo.

Chimene amachita ndi kuduladula dzikolo m'timabokosi. Tiyerekeze kuti kabokosi kalikonse n'kotalika makilomita 10 mbali zonse. Kuti mantle yonse ikwane pafunika timabokosi pafupifupi 900 miliyoni. M'kabokosi kalikonse kompyuta iyenera kupeza manambala asanu: kutentha, kupanikizika kwa miyala, ndi liwiro lake m'njira zitatu. Manambala osadziwikawo ndiye apitirira 4 biliyoni, ndipo chowawa n'chakuti lililonse limadalira anzake oyandikana nalo, choncho onse ayenera kupezeka nthawi imodzi. Akapezeka, wotchi ya dziko loyerekezeralo imasunthidwa pang'ono, ntchito n'kuyambiranso, mobwerezabwereza kambirimbiri. Ukafuna kuona bwino n'kuchepetsa kabokosi kukhala makilomita 5, timabokosi timachuluka kasanu ndi katatu, ndipo wotchi ija iyeneranso kusunthidwa pang'onopang'ono kuposa kale. Kompyuta imodzi singathe. Ntchitoyo imagawidwa pa mapurosesa, tizipangizo towerengera ta m'kompyuta, masauzande amene ayenera kumauzana zimene apeza pamalire a magawo awo, ndipo mmodzi akachedwa onse amaima kumudikira.

Apa ndiye pagona nkhani. Pa sitepe iliyonse wolemba pulogalamu amakumana ndi zisankho zimene sizili za kompyuta zokha. Kodi timabokosi tichepe pati, ndipo tikule pati? Kodi lamulo liti la kapindikidwe ka miyala lilowe, liti lisiyidwe chifukwa likudya nthawi yambiri? Pamene chithunzi chaonetsa kamzere kachilendo, kodi ndi mmene miyala imachitiradi kapena ndi chilema cha njira yowerengera? Munthu wodziwa makompyuta okha sangayankhe, chifukwa sadziwa chimene chili chofunika kwa dziko lenileni. Wodziwa miyala yokha sangayankhenso, chifukwa sadziwa pamene masamu a kompyuta amanama. Wosula makasu amene amalimanso yekha amadziwa pamene khasu limathyokera m'nthaka youma, ndipo khasu lake lotsatira amalisula molingana ndi zimene manja ake anamva kumunda.

Chitsanzo chabwino ndi Louis Moresi. Anaphunzira ku Oxford, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ali ku Caltech, ku California, analemba pulogalamu yotchedwa CITCOM. Chimene chinkavuta nthawi imeneyo chinali ichi: mwala wozizira wa pamwamba ndi wouma kwambiri kuposa mwala wotentha wa pansi, osati kawiri kapena kakhumi, koma mamiliyoni ngakhalenso kupitirira. Njira zambiri zowerengera zikakumana ndi kusiyana kotereku zimachedwa kwambiri kapena kulephereratu kufika pa yankho, choncho ofufuza ankangochepetsa kusiyanako dala kuti kompyuta ikwanitse, uku akudziwa kuti dziko lenileni silili choncho. Moresi anathera nthawi yake pa njira yowerengera imene imapirira kusiyana kwakukuluko. Mu 1995 iye ndi Slava Solomatov anafalitsa zotsatira zake. Anaonetsa mwatsatanetsatane kuti kusiyana kukakula kwambiri, pamwamba pamauma n'kukhala chivundikiro chimodzi chosasuntha, pamene pansi pake miyala ikupitiriza kuyenda. Umu ndi mmene asayansi amaonera Mars ndi Venus lero. Ndipo funso linatembenuka: ngati chivundikiro chosasuntha ndicho chimene fizikisi imakonda, nanga bwanji dziko lathu lili ndi zibenthu zikuluzikulu zimene zimayenda, kugundana ndi kumira? Funso limeneli lakhala likudyetsa ofufuza ambiri mpaka pano, ndipo njira yolifikira inatseguka chifukwa munthu wina anakonza kawerengedwe m'kati mwa pulogalamu.

CITCOM sinathere pamenepo. Shijie Zhong anaikulitsa kuti igwire dziko lonse lobulungira, lodulidwa m'zigawo 12 zogawira mapurosesa, ndipo mu 2000 iye, Maria Zuber, Moresi ndi Michael Gurnis anafalitsa ntchito ya pulogalamu yatsopanoyo, CitcomS. Moresi anasamukira ku Australia, kumene anayambitsa ina yotchedwa Underworld. Kwa ofufuza zivomezi nkhani ndi yofanana: Dimitri Komatitsch ndi Jeroen Tromp analemba SPECFEM3D, yowerengera mmene mafunde a chivomezi amayendera m'dziko, ndipo mu 2003 gulu lawo linapata mphoto ya Gordon Bell, yoperekedwa pa ntchito za makompyuta amphamvu, chifukwa cha zimene linachita pa Earth Simulator, kompyuta ya ku Yokohama ku Japan imene panthawiyo inali yachangu kuposa zonse.

Koma kodi tingadziwe bwanji kuti pulogalamu ikunena zoona, poti palibe angatsike kukaona? Funsoli ndi lalikulu, ndipo pali nkhani imene aliyense wofuna ntchito imeneyi ayenera kuidziwa. Mu 1994 Les Hatton ndi Andy Roberts anafalitsa kafukufuku wa mapulogalamu asanu ndi anayi amene makampani ankagwiritsa ntchito pokonza zithunzi za pansi pa nthaka posaka mafuta. Onsewo analembedwa potsata masamu amodzimodzi ofalitsidwa kale. Anawapatsa deta imodzimodzi ndi malangizo amodzimodzi. Munthu angayembekeze kuti mayankho afanana mpaka nambala yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, koma pamapeto pake ankagwirizana pa nambala yoyamba kapena ziwiri zoyambirira zokha. Chinachititsa ndi tizolakwika tating'ono m'kalembedwe, timene sitinkagwetsa pulogalamu kapena kuonetsa chizindikiro chilichonse, tinkangopotoza yankho mwakachetechete. Ndipo zithunzi zoterozo n'zimene makampani ankadalira posankha malo oboola zitsime za ndalama zankhaninkhani.

Cholakwika chimene chimagwetsa pulogalamu n'chosaopsa kwenikweni, chifukwa umachiona. Choopsa ndi chija chimene chimakupatsa chithunzi chokongola, chokhulupirika m'maso, koma cholakwika. Choncho gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kuyesa. Amayamba ndi mafunso ophweka amene yankho lake limadziwika pa pepala, n'kuona ngati pulogalamu ikulipeza. Amachepetsa timabokosi n'kuona ngati kuphonya kukuchepa pa mlingo umene masamu amalonjeza. Amayerekezanso ndi mapulogalamu a anzawo: mu 1989 magulu angapo ofufuza za mantle, motsogozedwa ndi Blankenbach, anapatsa mapulogalamu awo mafunso ofanana n'kufalitsa manambala amene anagwirizana, ndipo kufikira lero pulogalamu yatsopano iliyonse imayembekezeka kupeza manambala omwewo isanakhulupiriridwe. Zonsezi zimangotsimikiza kuti masamu awerengedwa bwino. Kutsimikiza kuti masamuwo ndi oyenera dziko lenileni ndi ntchito ina, yofuna kuyerekeza ndi zimene makina a GPS, makina omvera zivomezi ndi miyala ya pamtunda zikunena.

Kale zinthu zinkayenda mwa aliyense payekha. Wophunzira wa PhD ankalemba pulogalamu yake, kawirikawiri mu Fortran, chinenero chimene IBM inatulutsa mu 1957, n'kulemba mapepala ake atatu a kafukufuku, n'kuchoka. Wobwera pambuyo ankapeza mizere masauzande yopanda malongosoledwe, ndipo nthawi zambiri ankangoyambiranso. Zaka za anthu anzeru zinkatayika chonchi. Cha m'ma 2005 bungwe la National Science Foundation la ku United States linayamba kuthandiza Computational Infrastructure for Geodynamics, mwachidule CIG, imene inayambira ku Caltech n'kudzasamukira ku University of California, Davis. Cholinga chinali chakuti mapulogalamu a gulu lonse azisungidwa pamodzi, aziyesedwa, azilembedwa malangizo ake, ndipo aliyense azitha kuwatenga kwaulere ndi kuona zimene zili m'kati mwake.

Mwa zipatso zake muli ASPECT, pulogalamu yowerengera kayendedwe ka mantle, ndipo mbiri yake ikuonetsa kuti khomo lolowera ntchitoyi lili mbali ziwiri. Amene anaiyambitsa, Wolfgang Bangerth, Timo Heister ndi Martin Kronbichler, sanali akatswiri a miyala. Anali a masamu ndi makompyuta, ndipo Bangerth anali atayamba kale ku Heidelberg, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nkhokwe ya zida za masamu yotchedwa deal.II. Pepala lawo lofotokoza ASPECT linatuluka mu 2012. Luso lake lalikulu n'lakuti pulogalamuyo imachepetsa yokha timabokosi pamene pakuchitika zambiri, monga pamene chibenthu chikumira, n'kusiya akuluakulu pamene pali bata, motero mphamvu ya kompyuta sitayikira pachabe. Kenako akatswiri a sayansi ya dziko monga Juliane Dannberg ndi Rene Gassmöller, amene anayamba ngati ogwiritsa ntchito, anakhala ena mwa oisamalira. Wa masamu anaphunzira za miyala, wa miyala anaphunzira kulemba m'chinenero cha kompyuta cha C++, mpaka anakumana pakati. Masiku ano aliyense akafuna kuonjezamo kanthu amaika zimene walembazo pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo mapulogalamu, wina amaziwerenga mzere ndi mzere, mayeso ambirimbiri amayenda okha, ndipo zikadutsa m'pamene zimalandiridwa.

Tsiku la munthu wotere silikhala lokongola ngati zithunzi zimene amaonetsa pamisonkhano. M'mawa akhoza kukhala akusaka chifukwa chimene pulogalamu ikuyendera bwino pa mapurosesa 100 koma n'kuima pa 2,000. Masana akuyankha wophunzira wa dziko lina amene walephera kuiika pa kompyuta yake. Madzulo m'pamene amapeza mpata wa pepala lake la sayansi, kapena wolemba pempho la ndalama. Ndipo pamenepa m'pamene pali chisalungamo chimene chimandipweteka. Yunivesite ikamalemba ntchito kapena kukweza munthu, imawerenga mapepala amene wafalitsa ndi ndalama zimene wabweretsa. Miyezi isanu ndi umodzi yothera pa kufulumizitsa pulogalamu ikhoza kuthandiza anthu ambiri kufalitsa mapepala awo, koma pa CV ya mwini ntchitoyo sipaoneka kanthu. Ambiri aluso anachoka kupita ku makampani a zamakono, kumene malipiro ndi okwera ndipo luso lawo limadziwika dzina.

Zinthu zayamba kusintha, ngakhale pang'onopang'ono. Mu 2012, pa msonkhano wa Software Sustainability Institute ku Oxford, anthu ogwira ntchito zoterezi anagwirizana zodzitcha Research Software Engineer, ndipo chaka chomwecho University College London inakhazikitsa gulu la akatswiri otere lothandiza ofufuza a m'madipatimenti osiyanasiyana. Mu 2016 kunayamba Journal of Open Source Software, magazini imene owunika ake amaunika pulogalamu yeniyeniyo, kuti wolemba akhale ndi chinthu chimene anzake angatchule m'mapepala awo. Zimenezi n'zabwino, koma sizinathetse vuto la munthu amene safuna kusankha mbali imodzi. Udindo wa injiniya wa mapulogalamu nthawi zambiri supereka mpata wofunsa mafunso akeake a sayansi, pamene udindo wa pulofesa supereka nthawi yosamalira pulogalamu.

Kunja kwa yunivesite njira zilipo zambiri. Bungwe la United States Geological Survey linatulutsa MODFLOW mu 1984, yolembedwa ndi Michael McDonald ndi Arlen Harbaugh, yowerengera kayendedwe ka madzi a pansi pa nthaka potsata lamulo limene Henry Darcy anapeza ku Dijon mu 1856. Bungweli likuisamalirabe mpaka lero, ndipo MODFLOW 6 inatuluka mu 2017. Makampani a mafuta ndi gasi, a magetsi ochokera ku kutentha kwa pansi, a migodi, a inshuwalansi amene amawerengera ngozi za zivomezi, onsewa amalemba anthu a luso limeneli. Ku Sleipner, m'nyanja ya kufupi ndi Norway, akhala akupopera mpweya wa carbon dioxide m'miyala ya pansi pa nyanja kuyambira mu 1996, ndipo kulosera kumene mpweyawo ukupita ndi ntchito ya mapulogalamu a mtundu womwewu.

Ife a ku Malawi nkhaniyi si yakutali monga ikumvekera, chifukwa tikukhala pamalo amene Africa ikung'ambika. Nyanja ya Malawi, yakuya mamita pafupifupi 700 kumpoto kwake, yagona m'chigwa cha mng'alu umene ukutseguka mamilimita ochepa pa chaka. A ku Salima akukumbukira chivomezi cha mu Malichi 1989, ndipo a ku Karonga sanaiwale zivomezi zotsatizana za mu Disembala 2009. Mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita pafupifupi 110, ukuoneka ndi maso m'munsi mwa mapiri a Dedza ndi Ntcheu. Pakati pa 2013 ndi 2015 ntchito yotchedwa SEGMeNT, yotsogozedwa ndi ofufuza a ku Lamont-Doherty Earth Observatory mogwirizana ndi anzawo a ku Malawi ndi Tanzania, inaika makina omvera zivomezi kuzungulira kumpoto kwa nyanjayi, ena pansi pa madzi penipeni. Ku yunivesite ya Virginia Tech ku United States, gulu la D. Sarah Stamps, mmene munali Emmanuel Njinju, linagwiritsa ntchito ASPECT pofufuza kumene kumachokera chiphalaphala cha mapiri a Rungwe, kungodutsa malire a ku Songwe, ndipo zotsatira zawo zinaloza ku miyala yotentha mopitirira yokwera kuchokera pansi patali. Ndiye kuti nthaka ya kwathu ili kale m'makompyuta a anthu, ndipo si kulakwa kufunsa kuti ndi angati mwa ana athu amene ali pa kiyibodi.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti khomo lake ndi lotsika mtengo kusiyana ndi nthambi zina za sayansi. Makina oyezera zaka za miyala amafuna ndalama zimene mayunivesite athu sangazipeze msanga, koma ASPECT, SPECFEM3D, Underworld ndi MODFLOW zonse n'zaulere, ndipo mayeso ang'onoang'ono ophunzirira amayenda pa laputopu wamba. Zazikulu zimafuna makompyuta amphamvu, ndipo m'chigawo chathu muno ilipo Lengau ya ku Centre for High Performance Computing ku Cape Town, imene inatsegulidwa mu 2016. Wophunzira wa sayansi ya dziko ku MUST ku Thyolo kapena ku UNIMA ku Zomba, ngakhalenso wa masamu kapena wa makompyuta, akhoza kuyamba lero ndi intaneti yokha. Asadzinamize kuti masamu angawazembe: calculus, linear algebra ndi differential equations ndiwo maziko, pamodzi ndi fizikisi ya kutentha ndi ya kapindikidwe ka zinthu. Pa zinenero za kompyuta, Python ndi poyambira pabwino, koma m'kati mwa mapulogalamu akuluakuluwa muli C++ ndi Fortran, ndipo Linux, pulogalamu yoyendetsera kompyuta, ndi Git, yosungira mbiri ya zimene zasinthidwa mu pulogalamu, ndi za tsiku ndi tsiku. Ambiri amene amafika potsogolera kafukufuku amadutsa pa PhD, koma amene anakonzapo cholakwika chimodzi mu pulogalamu yotseguka amakhala ndi umboni woonekera kwa aliyense pamene akupempha malo.

Wolowa m'ntchitoyi tsopano akupeza nyumba ikumangidwanso. Makompyuta amphamvu kwambiri a masiku ano, monga Frontier ya ku Oak Ridge ku United States imene mu 2022 inapitirira mawerengero 1 biliyoni kuchulukitsa ndi 1 biliyoni pa sekondi imodzi, amapeza mphamvu zawo zambiri ku ma GPU, tizipangizo timene poyamba tinapangidwira zithunzi za magemu. Ma GPU amafuna kuti deta isanjidwe mwanjira ina ndipo ntchito igawidwe mwanjira ina, choncho mapulogalamu amene analembedwa zaka 20 kapena 30 zapitazo sangangosamutsidwa osakhudzidwa. Magawo ake a m'kati ayenera kulembedwanso, ndipo gawo lililonse likalembedwanso liyenera kubwerera ku mayeso akale aja, kuphatikizapo manambala a mu 1989, kuti zitsimikizike kuti yankho silinasinthe.